Madala athu tisawakhazike pansi, mtima ufuna kuyenda

A Mkonzi,

Zikomo pondipatsa danga. Ine nkhawa yanga ili pa azibambo athu omwe anapuma pantchito, makamaka mtauni muno. Munthu ankayenda wapansi kuchoka ku Ndirande mpaka ku Ginnery Corner daily, koma akangolandira penshoni basi, mmawa pakhonde ndi wailesi, masana pabawo mpaka dzuwa kulowa, nde ife ana timaonjezera, "bambo khalani ndikuitanireni wakabaza" chonsecho kutchalitchi kwake ndi apa pompa. Timati ndi ulemu koma tikuwaonongera mtima anthuwa.

Izi zinafufuzidwa kalekale. Mu 1953 ku London dokotala Jerry Morris anaona ogwira ntchito mmabasi osanja aja, nkupeza kuti makondakitala omwe ankangokhalira kukwera nkutsika masitepe tsiku lonse ankadwala mtima mochepa kusiyana ndi madalaivala ongokhala pachiwongolero, basi yake imodzi yomweyo. Kuyenda kumatsitsa BP, kumathandiza shuga kuti asakwere, chimimba chija chomwe ena amati ncha ubwana chimaphwerako, ndipo mtima sumavutika kupopa magazi.

A WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, amati munthu azilimbitsa thupi mphindi 150 pa sabata, kutanthauza 30 patsiku masiku 5, ndipo sakunena za jimu ayi, kuyenda ndawala kokwanira kuti mpweya ukwereko koma mukutha kucheza ndi mnzanu. Kupalasa njinga, kulima kudimba, kupalira, zonsezi zili momwemo. Amene akhalitsa osayenda ayambe ndi mphindi 10 zokha, azionjezera pang'onopang'ono.

Koma chonde ayambe ayezetsa BP. Kafukufuku wa zaumoyo wotchedwa STEPS wa 2009 anapeza kuti pa akuluakulu atatu alionse kuno ku Malawi mmodzi ali ndi BP yokwera ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa nkomwe, nanga azibambo kuchipatala amapitako ngati sanagwe? Ndipo mukamayenda mukamva chifuwa kuthina, ululu kutsikira kumkono kapena kunsagwada, chizungulire, befu wachilendo, imani pompo mupite kuchipatala tsiku lomwelo, zoti ndine mwamuna ndipirira zisakhalepo. Omwe ali pamankhwala a BP asasiye ati poti ayamba kuyenda.

Ndikupempha magulu a abambo mmipingo ndi mmizikiti, mumakumana kale sabata ndi sabata, bwanji Loweruka mmawa muzitengana kuzungulira bwalo la mpira la kwanuko, wa HSA, wazaumoyo wa mdera lanu uja, muzimupempha abwere ndi makina oyezera BP?

Ine wanu,
Mwana wa dala wina, Ndirande