Mwatisiya panjira ndi Nobunaga Concerto

Kwa inu a kampani yoonetsa mafilimu pa intaneti: ndabwera pano poyera chifukwa ku inbox kwanu mukungondibwezera uthenga umodzimodzi wakuti dandaulo langa likuunikidwa.

Pa app yanu munaikapo sewero la ku Japan la Nobunaga Concerto, zigawo zonse 11 zimene Fuji TV inaonetsa mu 2014. Pamenepo munachita bwino. Nanga filimu yake imene inatuluka mu Januwale 2016 ili kuti? Chithunzi chake chilipo ndithu, chili pafupi ndi seweroli, koma ukadina kamkombero kamangozungulira, bandulo ikutha, kenako pabwera mawu akuti filimuyi siikupezeka m'dera lanu. Dera lomwelo mukutenga ndalama zathu mwezi ndi mwezi popanda vuto.

Mwina amene amakusankhirani mafilimu sanaonere seweroli, ndiye ndimuuze. Nkhaniyi inachokera ku manga (buku la nkhani yojambula la ku Japan) ya Ayumi Ishii. Saburo, mnyamata wa kusekondale amene mbiri yakale inkamuvuta m'kalasi, akupezeka ali m'nthawi yamakedzana ya nkhondo za Sengoku, n'kukumana ndi Oda Nobunaga, mfumu yankhondo imene akufanana nayo nkhope kwambiri. Nobunaga, wodwaladwala komanso wotopa ndi mpando, akumusiyira dzina n'kuthawa. Pambuyo pake akubwerera atakulunga nsalu kumaso, akudzitchula Akechi Mitsuhide. Shun Oguri ndiye akusewera onse awiri, ndipo kwa ine pokoma mpamenepo: munthu mmodzi, koma umadziwa ndani ndani pongoona mmene wakhalira pansi.

Tsono aliyense wowerengako mbiri ya Japan akudziwa kuti mu 1582 Akechi Mitsuhide anaukira Nobunaga pa kachisi wa Honno-ji ku Kyoto, ndipo Nobunaga anafera momwemo. Zigawo 11 zonsezo mtima umakhala m'mwamba ndi funso limeneli: ngati Mitsuhide ndiye Nobunaga weniweni, pa Honno-ji adzafa ndani? Nanga Kicho, mkazi wa Nobunaga uja wa pakamwa pakuthwa, adzatsala ndi ndani? Ndipo Hideyoshi, msilikali wa Nobunaga woseweredwa ndi Takayuki Yamada, amene amagwada mwaulemu koma mumtima akusunga mangawa, adzachita zotani? Seweroli limathera Honno-ji asanafike. Mayankho onse anawasungira filimu. Inu mwatigulitsa nsima ndiwo n'kutsekera m'kabati.

Wina wa ku ofesi kwanu anandiuza kuti ndisinthe foni. Ndinayesa pa kompyuta ya mlongo wanga, zomwezo. Ndiye musatinamizire mafoni athu.

Ngati chilolezo cha filimuyi mulibe kuno, nenani chilungamo, ndipo lembani pa tsamba la seweroli kuti mathero ake sali pa app yanu, munthu adziwe asanayambe chigawo choyamba. Chithunzi chosatseguka chija chichotseni. Ine ndinalipira mwezi uno chifukwa cha filimu imeneyi basi, choncho muiike kapena mundibwezere ndalama yanga ku nambala imene ndinalipirira. Mundiyankhe pansi pompano kuti ena amene akudikira aone.