Musaumire pa power supply pomanga kompyuta ya magemu

Akonzi,

Ndipatseniko kadanga m'nyuzipepala yanu ndilankhule ndi achinyamata anzanga amene akutolera ndalama zomangira kompyuta yawo yoyamba yosewerera magemu. Ine ndimagwira ntchito yofotokopa ndi kusindikiza mapepala a ophunzira kuno ku Chikanda, ku Zomba, ndipo ndalama za kompyuta yanga ndinasunga kwa chaka chathunthu. Aliyense akudziwa mmene zinthu zinakwerera kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Chilichonse cholowa m'bokosi la kompyuta chimachokera kunja, ndiye ukalakwitsa chimodzi umalira miyezi.

Mtima wanga wonse unali pa graphics card, khadi loyendetsa zithunzi za magemu pasikirini. Ndinapeza khadi la RX 6600 la 8GB logwiritsidwapo kale ntchito, purosesa (ubongo wa kompyuta) ya Ryzen 5 5600, motherboard (bolodi lolumikizapo zipangizo zonse) ya B450 ndi RAM (memore yogwirira ntchito) ya DDR4 ziwiri za 8GB. Ziwirizo ndinachita dala, chifukwa zikakhala ziwiri zimathamanga kuposa imodzi ya 16GB. Amene mukufuna B450 funsani kaye ngati BIOS yake, pulogalamu yoyatsira motherboard, inakonzedwa kuti ilandire mapurosesa a gulu la Ryzen 5000 ngati yangayi, apo ayi mudzayatsa sikirini ili bii.

Pofika pa power supply, chipangizo chopereka magetsi ku zonse za m'bokosi, thumba linali litapepuka. Ndinatenga ina yopanda dzina lodziwika, yomatidwa kapepala kolembedwa 600W, kutanthauza mphamvu ya magetsi imene ingapereke. Nditainyamula inali yopepuka ngati chitini chopanda kanthu, ndipo mtima unandiuza ndithu, koma ndinkafunitsitsa kuti Loweruka lomwelo ndisewere gemu ya mpira pakompyutapo ndi mng'ono wanga. Sindinafunse wina aliyense. Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Inagwira ntchito miyezi iwiri. Tsiku lina madzulo mvula yamabingu inatsika kuchokera kuphiri, magetsi n'kuthima, pasanathe mphindi zingapo n'kubweranso. Ndinangomva kuti phwa kuseri kwa bokosi, kenako fungo la pulasitiki wopsa m'chipinda monse. Fani inazungulira kamodzi n'kuima. Power supply ija inapita pamodzi ndi motherboard. Khadi ndi purosesa zinapulumuka mwa chisomo chabe, ndipo usiku umenewo tulo sindinatione.

Choncho ndikupempheni anzanga, ndalama ya power supply muziyipatula poyamba, musanayambe n'komwe kuyang'ana makhadi. RX 6600 imadya pafupifupi 132W, Ryzen 5 5600 ndi ya 65W, ndiye power supply ya 550W ya kampani yodziwika, yokhala ndi chizindikiro cha 80 Plus Bronze (chosonyeza kuti siwononga magetsi ambiri) komanso chingwe cha mapini 8 cholowa mukhadi, ikukwanirani bwinobwino. Nambala yaikulu pakapepala isakukopeni. Onjezani surge protector, yoteteza magetsi akabwera mwamphamvu, kapena UPS yaing'ono, yokhala ndi batire losunga magetsi, ngati mungakwanitse, pakuti nthawi yoopsa kwambiri ndi pamene magetsi akubwerera.

Ngati ndalama zachepa, palibe chochititsa manyazi kuyamba ndi purosesa ya Ryzen 5 5600G. Ili ndi graphics m'kati mwake momwemo, imayendetsa magemu opepuka mukatsitsa ma settings, ndipo khadi mudzawonjezera chaka chamawa pa motherboard yomweyo. Gulani SSD, disiki yothamanga yosungira magemu ndi mafayilo, ngakhale ya 500GB. Timagetsi tokongoletsa bokosi tisiyeni kaye. Bokosilo muziliika patebulo, chifukwa fumbi la mu Okutobala likadzaza m'mafani kompyuta imatentha n'kuyamba kuzima yokha.

Kwa ogulitsa zipangizo zogwiritsidwapo kale ntchito, kuno ku Zomba ngakhale ku Limbe kumene ambiri timakagula, chonde tiloleni kuyesa khadi kwa theka la ola tisanapereke ndalama. Mwana wasukulu amene wasunga ndalama chaka chonse asamagule chinthu chimene sanachione chikuyaka.

Yanga inayambanso kugwira ntchito patatha miyezi inayi, nditagula motherboard ina ndi power supply yolemera m'manja. Panopa mitambo ikangoda kumbali ya Ku Chawe, paphiri la Zomba, mng'ono wanga amadziwa kale zothimitsa kompyuta ndi kuzula pulagi kukhoma.

Wowerenga wanu,
Chikanda, Zomba