Mtsikana anamanidwa mawu pa tsiku lake lomwe

Akonzi,

Ndiloleni nditulutse zakukhosi pa mwambo wopereka thandizo la fizi kwa atsikana umene nyuzipepala yanu inalemba sabata yatha. Ine ndinaliko, ndipo zimene munasindikiza zikusiyana kutali ndi zimene maso anga anaona.

Ndalama zija anasonkha ndi amayi. Ena ndi aphunzitsi, ena anamwino, ena ochita timabizinesi ting'onoting'ono, ndipo akhala akuponya pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi mpaka thumba linadzaza. Tsiku la mwambo litafika, amayi amenewa anawakhazika kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko. Kutsogolo kunadzaza abambo ovala mataye, ndipo cheke chachikulu chija anachigwira ndi mlendo wolemekezeka amene dzina lake mulibe m'kaundula wa osonkha. Chithunzi chimenecho ndi chomwe munachiika m'nyuzipepala, popanda ngakhale nkhope ya mayi mmodzi.

Koma chandilembetsa kalatayi ndi mtsikana uja. Papologalamu panalembedwa kuti ayankhula m'malo mwa anzake onse. Anakhala patsogolo panga, pepala lili m'manja, milomo ikuyenda chamumtima pobwereza mawu amene anakonza. Mlendo wolemekezeka anafika mochedwa, nayankhula mpaka anthu kuyamba kuwodzera. Wina anaimirira kumuthokoza, winanso anabwera ndi mawu ake. Itakwana nthawi ya mtsikana, woyendetsa mwambo anangoti nthawi yatithera, tipite ku pemphero lotsekera. Mwanayo anapinda pepala lake kanayi n'kuliika m'thumba la yunifomu, maso ali pansi. Mphunzitsi wake anamugwira paphewa, basi nkhani yathera pomwepo.

Zimenezi zachitika pa 11 Okutobala, Tsiku la Mtsikana, limene bungwe la United Nations linakhazikitsa mu 2011 n'cholinga choti mawu a atsikana amveke. Pa chinsalu chimene anapachika kutsogolo panalembedwa zosula atsogoleri a mawa. Ndifunse: mtsogoleri mungamusule bwanji mukumulanda chimkuzamawu? Ngati wamkulu amene amayankhula tsiku ndi tsiku sangathe kufupikitsa mawu ake kuti mwana anene zake, ndiye kuti wabwera kudzaphunzitsa chiyani? Atsikana onse amene anali muholo muja anapita kwawo ataphunzira kuti nthawi ikachepa, woyamba kuchotsedwa ndi iwowo. Zimenezi zandiwawa kwambiri.

Nkhani ya amayi kukhala nawo popanga ziganizo si yachilendo ayi. Mayiko 189 anagwirizana za izi ku Beijing mu 1995. Mu 2003 mayiko a mu Africa anavomereza Pangano la Maputo, limene limanena poyera kuti amayi azitenga mbali mofanana ndi abambo pa ndale ndi poyendetsa zinthu. Dziko la Rwanda linalemba m'malamulo ake oyendetsera dziko chaka chomwecho kuti mipando yosachepera 30 pa 100 iliyonse ikhale ya amayi, ndipo pofika 2008 linakhala dziko loyamba kukhala ndi amayi ochuluka kuposa abambo m'Nyumba ya Malamulo. Iwo anapereka mipando yeniyeni. Ife tikukanika kupereka mphindi zochepa chabe zoyankhulira.

Ndipo vuto silithera pa mwambo umodziwu. Maphunziro a utsogoleri wa amayi achuluka masiku ano, koma ambiri amathera pa kugawa malaya, kujambulitsa ndi kusainira ndalama zolipirira ulendo. Mtsikana akabwerera, palibe komiti imene imamupatsa mpando, palibe amene amamufunsa kuti thandizo lipite kwa yani. Thumba amasunga ndi ena, lipoti amalemba ndi ena, iye n'kungokhala chithunzi pachikuto. Pomwe amayi akagwira okha chuma, ntchito imaoneka. Amayi atatu, Bisi Adeleye-Fayemi, Joana Foster ndi Hilda Tadria, anayambitsa thumba la African Women's Development Fund, limene likulu lake lili ku Accra, kuti ndalama zizifika mwachindunji ku magulu a amayi. Wangari Maathai wa ku Kenya anayamba mu 1977 ndi amayi akumudzi odzala mitengo, ndipo mu 2004 analandira mphoto ya Nobel ya mtendere. Kodi amayi ngati amenewa akanalola kukhazikidwa pafupi ndi chitseko pa mwambo wa ndalama zawo zomwe?

Nanunso atolankhani muli ndi mlandu. Mtolankhani wanu anachoka mlendo wolemekezeka atangomaliza kuyankhula, osafunsa n'komwe kuti ndalamazo zachokera kuti.

Pempho langa ndi ili, mwachidule. Okonza miyambo yotere aziika mtsikana kukhala woyamba kuyankhula, akuluakulu asanatsegule pakamwa. Amene asonkha ndalama ndiwo azipereka cheke, ndipo atsikana awiri kapena atatu akhale m'komiti yosankha olandira thandizo. Inu akonzi, tumizaninso mtolankhani wanu akapeze mwanayo kudzera kwa aphunzitsi ake, ndipo makolo akalola, musindikize mawu onse amene analemba papepala lija.

Ndine,
Mayi wokhumudwa