Pempho: Tithandizeni Kuperekeza Ana Athu ku Orlando West pa 16 June

Makolo anzathu, abale ndi alongo ochokera ku Malawi amene muli ku Joni kuno,

Ife a komiti ya makolo pa sukulu ina kuno ku Johannesburg tabwera ndi pempho. Tikufuna kutenga ana athu pa 16 June ikubwerayi kupita nawo ku Orlando West, ku Soweto, komwe kuli chipilala ndi nyumba ya chikumbutso ya Hector Pieterson. Ulendowu ndi wokakhuza maliro, ndipo tikufuna anawo akafike monga okhuza.

Ambiri mwa ife tsikuli timangolidziwa ngati holide ya Youth Day, tsiku lopuma kuntchito. Koma pa 16 June 1976 ana asukulu oposa 10,000 anatuluka m'makalasi ku Soweto kukana lamulo la 1974 loti masamu ndi maphunziro ena aziphunzitsidwa m'Chiafrikaans, chinenero chomwe ngakhale aphunzitsi awo ambiri sankachidziwa bwino. Ankalowera ku Orlando Stadium atanyamula zikwangwani zolemba pa makatoni. Apolisi anaponya utsi wokhetsa misozi, kenaka anayamba kuwombera zipolopolo zenizeni. Mwa ana omwe anaphedwa, Hastings Ndlovu anali ndi zaka 15. Hector Pieterson anali ndi zaka 12, msinkhu wa ana omwe timawadzutsa m'mawa kuti asachedwe belu. Chithunzi chomwe anajambula Sam Nzima, Mbuyisa Makhubu atamunyamula Hector, mlongo wake wa Hector, Antoinette, akuthamanga pambali akulira, chinafika dziko lonse lapansi. Mbuyisa anathawa m'dziko muno chifukwa cha apolisi ndipo sanabwererenso kwa amayi ake. Kafukufuku wa boma la nthawi imeneyo, wotsogozedwa ndi woweruza milandu Cillié, anapeza kuti anthu 575 anafa m'dziko lonse pofika February 1977, ndipo ambiri amakhulupirira kuti chiwerengerocho n'chochepa.

Pamsonkhano wa makolo ena anafunsa mosabisa kuti, "Maliro amenewa ndi athu bwanji? Anthu omwewa si aja amatitcha makwerekwere?" Funsoli sitikulinyoza. Ambiri tikukumbukira May 2008, pomwe ziwawa zodana ndi obwera zinayamba ku Alexandra n'kupha anthu 62, Amalawi ambiri n'kubwerera kwawo pa mabasi ali chimanjamanja. Palinso china chowawa chomwe tiyenera kunena ndi pakamwa pathu: mu 1976 boma la Malawi linali pa ubale ndi boma la tsankho la ku Pretoria, ubale womwe unayamba mu 1967. Pomwe amayi a ku Soweto ankafunafuna ana awo m'zipatala ndi m'nyumba zachisoni, dziko lathu linali ndi kazembe kwa omwe anawapha.

N'chifukwa chake ife tikuona kuti tili ndi ngongole ya chipepeso. Maliro n'kulirana. Ana athu ambiri anabadwira konkuno, amalankhula Chizulu ndi Chisutu bwino kuposa ife, amaimba Nkosi Sikelel' iAfrika pamzere m'mawa. Mabenchi omwe amakhalapo anagulidwa ndi magazi a ana aja. Malamulo aakulu a dziko lino a 1996, pa ndime 29, amapereka ufulu wa maphunziro oyambirira kwa aliyense, ndipo mu December 2019 khoti lalikulu ku Makhanda linagamula kuti mwana asathamangitsidwe pasukulu chifukwa chosowa mapepala. Mwana wodya ufulu umenewu ayenera kudziwa omwe anaufera. Ndipo mwana yemwe amauzidwa pabwalo la sukulu kuti si wakuno akufunika kuimirira limodzi ndi anzake pa tsiku lomwe dziko lonse likulira, aone kuti palibe womufunsa chiphaso pofuna kuika nkhata. Tikumbukirenso kuti mu 1991 bungwe la mgwirizano wa maiko a mu Africa, la OAU, linasandutsa 16 June kukhala Tsiku la Mwana wa mu Africa, ndipo ku Malawi nakonso limakumbukiridwa.

Chomwe chatikulira ndi mayendedwe. Makolo ambiri pano amagwira maganyu, ena m'nyumba za anthu, ndipo sangakwanitse kulipirira ana awiri kapena atatu. Sitikufuna mwana aliyense atsale chifukwa cha ndalama. Tikupempha thandizo la ndalama yobwerekera basi, yolipirira pakhomo la nyumba ya chikumbutso, ya chakudya chamasana ndi ya nkhata imodzi. Kaya ndi R20, kaya R50, musachite nayo manyazi. Amene muli ndi minibasi yovomerezeka kunyamula anthu, tibwerekeni tsiku limodzi lokha, mafuta tithira ife.

Tikufunanso anthu akuluakulu, amayi ndi abambo, operekeza. Zithunzi za m'nyumbamo n'zopweteka mtima, ndipo mwana akayamba kulira pafunika munthu womugwira dzanja n'kumufotokozera m'chinenero cha kunyumba. Ngati muli ndi mnansi wa ku Soweto yemwe anali pasukulu mu 1976 ndipo angalole kudzalankhula ndi ana tisananyamuke, mutipemphereko mwaulemu. Akakana tisamuumirize, ena mpaka pano nkhaniyi satha kuikamba.

Thandizo lililonse perekani kwa msungichuma wa komiti, ndipo mulandire lisiti. Ndalama zonse zolowa ndi zotuluka tidzaziwerenga poyera pamsonkhano wa makolo tikabwerako. Makolo a ana opita asayine kalata yachilolezo yomwe tapatsira anawo, ndipo ana adzavale yunifolomu.

Ndife anu,
A komiti ya makolo