Lipoti la Msonkhano: Waya wa Sipika Akhale Wonenepa Bwanji?

A Pampando, a Mlembi ndi mamembala nonse,

Ndikuthokozeni pondituma kukaimira gulu lathu ku msonkhano wa amisiri ndi anthu okonda zokuzira mawu za m'nyumba. Nkhani zinalipo zambiri, monga kaikidwe ka masipika m'chipinda ndi kasamalidwe ka ampulifaya, ndipo zimenezo ndidzafotokoza pakamwa tikakumana. Muno ndakhazikika pa funso lomwe munandipatsira, lija lakhala likutigawanitsa: waya wochoka ku ampulifaya kupita ku sipika akhale wonenepa bwanji, ndipo kodi waya wodula amasinthadi kamvekedwe ka nyimbo?

Zimene ndabwera nazo n'zakuti kunenepa kwa waya kumalamulidwa ndi kutalika kwa mtunda komanso ma ohm a sipika (nambala yolembedwa kumbuyo kwake, monga 8 ohm kapena 4 ohm), malinga ngati mkati mwa wayayo muli kopa weniweni. Mawatsi olembedwa pabokosi, amene ambirife timathamangira kuyang'ana, alibe mawu ambiri pa nkhaniyi.

Amene anatsogolera gawoli ndi mmisiri wachikulire yemwe ntchito yake ndi kulumikiza masipika m'nyumba za anthu. Iwo anayambira pa lamulo la Ohm, limene Georg Ohm wa ku Germany analifalitsa mu 1827. Waya aliyense amakaniza magetsi pang'ono, ndipo kukanizako, kumene amisiri amati resistance, amakuyeza mu ma ohm. Waya akatalika resistance imakwera, akanenepa imatsika, monga mmene paipi yaitali komanso yowonda imafooketsera madzi asanafike kumpopi. Popeza magetsi amadutsa mu waya kenako mu sipika, mphamvu yochoka mu ampulifaya imagawika pawiri: ina imasanduka mawu, ina imatayikira m'njira. Anatikumbutsanso chinthu chimene ambiri timaiwala poyeza. Magetsi amapita ndi mbali imodzi ya waya n'kubwerera ndi inayo, choncho sipika imene ili pa mamita 10 ili ndi mamita 20 a kopa pakati pake ndi ampulifaya.

Waya wa kopa wa 1 mm² (muyezo wa kukula kwa kopa podulidwa) wotalika mita imodzi ali ndi resistance ya pafupifupi 0.017 ohm. Kuchokera pa nambala imeneyi munthu atha kuwerengera yekha zina zonse. Muyezo umene amisiri ambiri amatsatira ndi wakuti resistance ya waya yense, popita ndi pobwerera, isapitirire 5 peresenti ya ma ohm a sipika. Roger Russell, yemwe ankatsogolera kafukufuku wa zamawu ku kampani ya McIntosh ku America, anakonza tebulo lodziwika bwino potsata muyezo womwewu. Pa sipika ya 8 ohm malire ake ndi 0.4 ohm, pa ya 4 ohm ndi 0.2 ohm basi.

Tikaziika m'mamita zikutuluka motere. Waya wa 0.75 mm² amakwanira mpaka mamita 8 pa sipika ya 8 ohm, koma pa ya 4 ohm amathera pa mamita 4. Wa 1.5 mm² amafika mamita 17 pa 8 ohm ndi mamita 8 pa 4 ohm. Wa 2.5 mm² amafika pafupifupi mamita 29 pa 8 ohm ndi mamita 14 pa 4 ohm. Ndikupemphani muyang'anitsitse manambalawa, chifukwa akutiuza kuti m'chipinda chochezera wamba, momwe masipika akutsogolo ali pa mamita 3 kapena 4, waya wa 1.5 mm² ndi wokwanira ndi kutsalako. Pofunika kusamala ndi pa masipika akumbuyo. Waya wake amazungulira m'mbali mwa khoma, amakwera pamwamba pa chitseko n'kutsikanso, ndipo mtunda umene m'maso umaoneka ngati mamita 5 umapezeka wafika 12. Chodabwitsa n'chakuti masipika amenewa ndi amene timakonda kuwapatsa kawaya kowonda kotsalira mu bokosi.

Enanu mumalumikiza masipika awiri pamalo amodzi a ampulifaya, waya mmodzi n'kugawira onse awiri. Dziwani kuti masipika awiri a 8 ohm olumikizidwa choncho amakhala ngati sipika imodzi ya 4 ohm, ndiye mtunda wololedwa umadulidwa pakati.

Anatiyesera pamaso pathu. Anatenga sipika ya 4 ohm n'kuilumikiza ndi waya wa 0.75 mm² wa mamita 10, amene resistance yake ndi pafupifupi 0.46 ohm. Pamenepo mphamvu yofika ku sipika imachepa ndi gawo limodzi mwa magawo asanu, kapena kuti pafupifupi 1 dB pa muyezo wa kukwera kwa mawu. Kenako anasintha n'kuika wa 2.5 mm² wotalika chimodzimodzi, amene ali ndi 0.14 ohm yokha. Kusiyana kwa kukwera kwa mawu kunali kochepa, koti munthu atha kukonza pongokweza voliyumu. Koma ng'oma ya besi inamveka mosiyana: pa waya wowonda inkakhala ngati ikuchedwa kuleka kulira, pa wonenepa inkagunda n'kusiya.

Chifukwa chake ndi chimene ndinapindula nacho kwambiri pa msonkhano wonse. Nambala ya 8 ohm kapena 4 ohm yolembedwa kumbuyo kwa sipika ndi yongoimira. Ma ohm enieni amasinthasintha malinga ndi liwu lomwe likuimbidwa: pa besi ina amakwera kupitirira 20, pa maliwu ena amatsika. Muyezo wa masipika wa padziko lonse, IEC 60268-5, umati asatsike kufika pansi pa 80 peresenti ya nambala yolembedwayo, koma si opanga onse amautsatira, moti pali masipika olembedwa 8 ohm amene amatsika mpaka kuyandikira 4. Waya wowonda amaba mphamvu yambiri pamene ma ohm atsika ndi yochepa pamene akwera, motero maliwu ena amafooka kuposa anzake, ndipo izi voliyumu singakonze. Komanso ampulifaya ndi imene imagwira chimbale cha sipika kuti chileke kunjenjemera liwu likatha. Mphamvu yogwirayo amaitcha damping factor. Ampulifaya yokhala ndi damping factor ya 200 pa 8 ohm, mukaionjezera waya wa 0.4 ohm, imatsala ndi pafupifupi 18. Munagula ampulifaya yabwino, koma ubwino wake wina wathera mu waya.

Za mawatsi anazidutsa mwachangu, inenso ndichita chimodzimodzi. Mawatsi 100 pa sipika ya 8 ohm amakoka ma ampere pafupifupi 3.5, pa ya 4 ohm amakoka 5, ndipo nyimbo zimafika pamenepo mwa apo ndi apo. M'nyumba, waya wokwanira pa muyezo wa 5 peresenti uja satentha.

Pa mipukutu yambiri simupeza mm² koma AWG, muyezo wa ku America umene unakhazikitsidwa mu 1857 ndipo umadziwikanso ndi dzina la kampani ya Brown & Sharpe. Pa muyezo umenewu nambala ikachepa ndiye kuti waya wanenepa, popeza nambalayo inkasonyeza kuti waya wakokedwa kangati pa timabowo tomuwondetsa. AWG 18 ndi 0.82 mm², AWG 16 ndi 1.31, AWG 14 ndi 2.08, AWG 12 ndi 3.31. Mukatsika manambala atatu, kopa amachuluka kawiri.

Tsopano nkhani imene inandikhudza kwambiri, chifukwa ndikudziwa kuti enafe tili nayo m'nyumba osadziwa. Manambala onse ndatchulawa ndi a kopa weniweni. Pali waya wina wotchedwa CCA, amene mkati mwake ndi aluminiyamu wongokutidwa ndi kopa kunja. Aluminiyamu amadutsitsa magetsi pafupifupi 61 peresenti ya mmene kopa amachitira, choncho CCA wa AWG 14 amagwira ntchito ngati kopa wa AWG 16. Mmisiri uja anadula zidutswa ziwiri zooneka zofanana n'kutipatsa kuti tizigwire. China chinali chopepuka moonekeratu. Anasenda pulasitiki, n'kupala kawaya kamodzi ndi mpeni: kufiira kuja kunachoka ngati utoto, mkati munatsala moyera mbee. Ataika timawayato pa lawi la moto tinafota n'kugwa, pamene ta kopa tinangofiira n'kukhalabe chiimire. CCA sikuti sagwira ntchito, koma amafuna kumunenepetsa ndi manambala awiri a AWG, ndipo amathyoka msanga pamalo omangira akamapindidwapindidwa. Choipa ndi pamene wogulitsa sakunena. Anationetsanso waya wooneka wonenepa ngati chala, wa pulasitiki yoonekera mkati imene imakulitsa zinthu m'maso, koma atamudula timawaya take tinali tochepa zomvetsa chisoni. Pogula, pemphani kuona podulidwa, ndipo werengani zolembedwa pa wayayo.

Mtsutso unabuka pa mawaya odula. Bambo wina anaimirira n'kunenetsa kuti iwo amamva kusiyana akaika waya wa OFC, kopa woyengedwa mochotsa mpweya wa okosijeni, ndipo ena anawavomereza. Mmisiriyo sanawanyoze. Anangoti OFC amaposa kopa wamba ndi pafupifupi 1 peresenti pa kadutsitsidwe ka magetsi, siliva ndi 5 kapena 6 peresenti, pamene kuchoka pa 1.5 kupita pa 2.5 mm² kumaonjezera kopa ndi magawo awiri mwa atatu. Wina anafunsa za skin effect, yoti maliwu okwera kwambiri amayenda cha kunja kwa waya. Yankho linali lakuti zimachitikadi, koma pa 20 kHz, pomwe makutu a munthu amalekezera, magetsi amalowabe pafupifupi theka la milimita mkati mwa kopa, ndiye pa mawaya athu ndi mitunda ya m'nyumba zotayika zake n'zosamveka. Anapempha kuti woyesa aliyense asaone waya amene walumikizidwa, mnzake ndiye azisintha, voliyumu ikhale yofanana. Bambo aja sanagonje, ndipo nkhani inathera pomwepo. Maganizo anga ndi akuti amene ali nazo ndalama agule zimene mtima wake wakonda, koma gulu lathu lisamauze membala watsopano kuti masipika ake sakumveka bwino chifukwa waya wake ndi wotchipa, tisanayeze mtunda ndi kuona ma ohm. Ndalama imeneyo ikanamuthandiza kwambiri pa sipika yeniyeniyo.

Kunenepetsa mopitirira muyezo nakonso kuli ndi vuto lake. Timalo tomangira ta sipuling'i, topezeka pa masipika aang'ono, nthawi zambiri sitilandira waya wa 4 mm². Munthu amayamba kudula timawaya tina kuti alowe, kapena amasiya tina tili panja, ndipo kamodzi kokha kakakhudza mbali inayo ndiye shoti, imene itha kuwotcha ampulifaya. Sendani pang'ono, potani timawaya bwinobwino, mangani zolimba ampulifaya ili yozimitsa. Mapulagi a banana, aja ovekedwa kunsonga kwa waya kuti uzingolowetsedwa osamanga, sasintha mawu, koma amathandiza amene amazulazula kawirikawiri. Polumikiza posalimba kapena pochita dzimbiri pangathe kukaniza magetsi kuposa waya yense.

Onetsetsaninso kuti chofiira chapita ku chofiira, chakuda ku chakuda, pa masipika onse. Waya wopanda mitundu amakhala ndi mzere kapena kamsana kumbali imodzi. Sipika imodzi ikatembenuzidwa, chimbale chake chimalowa pamene cha inzake chikutuluka, besi n'kuzimiririka, ndipo waya wonenepa chotani sangabweze besi imeneyo. Ngati zizindikiro zafufutika, gunditsani nsonga za waya pa batire la 1.5 V kwa kamphindi: chimbale chikatulukira kunja, waya amene ali ku + ya batire ndiye wa kofiira.

Sikofunika kuti mawaya a kumanzere ndi kumanja afanane ndendende kutalika. Magetsi amathamanga kwambiri mu waya moti kusiyana kwa mamita angapo khutu silingakugwire, choncho palibe chifukwa chounjika mpukutu wotsala kumbuyo kwa kabati. Waya wodutsa mkati mwa khoma kapena kudenga akhale wovomerezeka pa za moto, monga olembedwa CL2 kapena CL3 pa muyezo wa ku America. Ndipo subwoofer, sipika ya besi yokha, yokhala ndi ampulifaya yakeyake kawirikawiri imalumikizidwa ndi chingwe cha mtundu wina chotchedwa RCA, kotero mawerengero onsewa saikhudza.

Pempho langa kwa a Pampando ndi lakuti pa mkumano ukubwerawu tikambirane zogula limodzi mipukutu iwiri ya kopa weniweni, wa 1.5 mm² wa masipika apafupi ndi wa 2.5 mm² wa akumbuyo ndi a 4 ohm, kuti aliyense azidula mamita amene akufuna. Membala aliyense abwere atayeza ndi chingwe njira yeniyeni imene waya adzadutse, atalemba ma ohm a kumbuyo kwa sipika iliyonse, komanso atatenga kachidutswa ka waya amene akugwiritsa ntchito panopa kuti tidzakapale limodzi.

Ine nthumwi yanu.