Za mawu aja a pa foni

Wokondedwa mwana wanga Naphiri,

Kuno ku Linga tili bwino, kungoti mwera wavuta, asodzi sakulowa m'madzi. Bambo ako akupereka moni.

Mng'ono wako anandimvetsa mawu amene unajambula n'kutumiza pa gulu la banja la WhatsApp, onena mlamu wako pa ndalama za chipepeso. Ndinamvetsera kawiri, tulo osabwera. Chimene chinandipweteka n'chakuti ndi mawu omwe aja okoma amene umayambitsa nawo nyimbo m'kwaya Lamulungu. Mwina ndalamazo zinasowadi, sindikukana. Koma kodi unamufunsa mwini wake musanamve anthu onse aja?

Yakobo 1:26 sapsatira: munthu wodziyesa wopembedza koma osamanga lilime lake, kupembedza kwakeko n'kopanda pake. Pa mutu 3 akulifanizira ndi tsigiro la ngalawa. Ukukumbukira tikukuperekeza kukaona Ilala uli kamwana? Sitima yonse ija, yoyenda panyanjayi kuyambira 1951, yodzaza anthu ndi matumba, imakhotetsedwa ndi kachitsulo kobisika m'madzi.

Sindikulankhula ngati woyera ayi. Iwe uli kumbuyo, usipa wanga unasowa pathandala. Pachitsime ndinangoti, "Ndinaona mayi uje akuzungulira kumeneko." Basi, sindinanene kuti waba. Pofika madzulo mudzi wonse unali utamutcha wakuba. Patapita masiku atatu zinadziwika kuti anali anyamata ena, koma mayi uja anali atasiya kale kubwera ku Umodzi wa Amayi. Ndinapita ndi nkhuku kukapepesa. Anandiyalira mphasa, nkhuku analandira, koma mpaka tsiku lomwe tinamuika m'manda sanakhalenso nane benchi imodzi m'tchalitchi. Mpaka lero ndikagwada polandira Mgonero nkhope yake imandibwerera. Ku Dwangwa akamatentha nzimbe amayamba alambula m'mbali kuti moto usalumphe, ine wanga ndinauyatsa popanda kulambula.

Ndiye usangofufuta uthengawo n'kukhala chete, anthu anamva kale. Pita kwa mlamu wako ndi miyendo yako, mukakhale pansi awiri. Ukatero ukalankhulenso pagulu lomwe lija kuti unafulumira. Manyazi adzakugwira, ndikudziwa, koma uchite Lamulungu lisanafike.

Ndakusungira mpunga ndowa ziwiri, ndipatsira mng'ono wako Loweruka. Ina ukamupatse mlamu wakoyo.

Ndine mayi ako.