Zizindikiro za TB akuzidziwa, koma kuchipatala sakupita

Zikomo Alangizi,

Ndife mavolontiya otolera makhololo m'midzi ya kuno ku Mulanje. Tikupempha nzeru pa vuto lomwe maphunziro athu sanalikhudze.

Uthenga wa TB anthu anaumva kalekale. Funsani aliyense pachigayo, akuwerengerani yekha: kutsokomola milungu iwiri, thukuta la usiku, kuwonda, kutentha thupi, mwina magazi m'makhololo. Amadziwanso kuti kuyezetsa ndi mankhwala n'zaulere kuchipatala cha boma. Koma amene amazemba ndi anthu oti mtima unalemedwa kale: bambo amene ntchito inamuthera ku esiteti, mayi amene wangofedwa, wina amene ngongole ya banki m'khonde yamukhalira pakhosi.

Munthu wotere chifuwa amachiwerengera ndalama. Tsiku la kuchipatala ndi tsiku lopanda ganyu, kuwonjeza ya kabaza kupita n'kubwera, makamaka Januwale ndi Febuluwale ufa ukatha m'nyumba. Ndiye amagula panado ndi bactrim wa masiku awiri pa okala, kaya kuthyola masamba a bulugama, n'kumati zitha. Choipa n'chakuti kusagona, kusafuna kudya ndi kufooka zimabwera ndi maganizo, zimabweranso ndi TB. Achibale akangoti "awa ndi maganizo a maliro aja," nkhani yathera pomwepo, miyezi n'kumapita, ana akugona naye chipinda chimodzi chotseka mawindo.

Ngakhale wolandira kabotolo koikamo makhololo okayezetsa amatigwetsa ulesi. Ayenera kuchukucha m'kamwa m'mawa asanadye, kupuma mozama katatu, kenako kutsokomola kuchokera pansi pa chifuwa, ali panja. Wotaya mtima amangolavuliramo malovu kuti timuleke. Zotsatira zikabwera zosaonetsa kanthu, amati, "Mwaona, ndimanena ine."

Pa mankhwala ndiye pali ntchito. Ndi a miyezi 6: miyezi iwiri yoyamba mitundu inayi m'piritsi limodzi, inayi yotsatira mitundu iwiri, kuchuluka kwa mapiritsi kutengera sikelo. Mkodzo umafiira, ndipo wankhawa amaganiza kuti ndi magazi ngakhale tinamuuza kale kuti ndi mankhwalawo. Amabweretsanso njala, m'nyumba moti mulibe chakudya. Chifuwa chikangochepa, ena amasiya, osalabadira kuti TB ikhoza kubwerera itasiya kumva mankhwala.

Tikatchula zokambirana ndi a chipatala za maganizo awo, amadzidzimuka: "Mukufuna anditumize ku Zomba?" Abambo ndiye salola n'komwe, ati mwamuna salira. Kunena zoona, kuwaopseza ndi imfa sikugwira ntchito. Munthu amene watopa ndi moyo saopa zimenezo.

Tithandizeni, Alangizi. Tingayambe bwanji nkhani ya maganizo osamveka ngati tikumutchula munthu wamisala? Tiyambe ndi chifuwa kapena ndi chimene chikumudya mumtima? Nanga munthu akakana kuyezetsa koma m'nyumba muli mwana wosakwana zaka zisanu, n'koyenera kuuza akazi ake kapena ankhoswe, pomwe tinalonjeza kusunga chinsinsi? Ndipo wina akanena kuti "bola kungofa," timufunse mwachindunji ngati akuganiza zodzipha, kapena tithamangire kwa mlangizi wa zaumoyo tsiku lomwelo iye asakudziwa?

Ife mavolontiya a TB,
Mulanje